Mlamu Atalanda Maiki

Telala analakwiridwa ndi mlamu wake pa tsiku la ukwati wa mwana wake wamkazi, masana anthu atangomaliza kudya, m'holo yodzaza mpaka pakhomo. Mlamuyo anamulanda maiki m'manja asanamalize ngakhale liwu loyamba. Papita zaka zambiri. Mkwatibwi wa tsikulo pano ali ndi ana otha msinkhu, koma Telala akangotseka maso amamvabe kuzizira kwa maiki ija pachikhatho, ndi mmene dzanja lake linapepukira itachoka.

Onse amene analipo amati mlamuyo anachita bwino, anaombola banja ku manyazi. Telala sakangana nawo. Anthu a pakamwa posalala sadziwa kanthu za kudikira. Koma mlamu wake ankadziwa, chifukwa nayenso anali wachibwibwi, ndipo lamulo limene anaswa tsikulo analipanga awiri.

Chibwibwi chinamuyamba Telala ali wamng'ono. Sukulu anaisiyira panjira atatopa ndi kuimikidwa kutsogolo kuti awerenge, anzake akufa ndi phwete. Bambo ake anakamupereka kwa telala wina wokalamba, amvekere ntchito yosoka sifuna pakamwa. Ananama. Kasitomala amafuna kumva tsiku lodzatenga chovala, amafuna kumva chifukwa chake sichinathe, amafunanso kunamizidwa kuti mimba yake sinakule. Komabe pa makina pomwepo ndi pamene mnyamatayo anatulukira chinthu. Akamapalasa chopondera, phazi likutsika ndi kukwera, mawu ankatuluka motsatira phazilo, osakodwa. Phazi likaima, lilime nalo linkaima. Choncho anazolowera kulankhula ndi anthu atakhala pa makina. Pakakhala palibe chosoka ankavula lamba kuti singano isayende, n'kumapalasa chabe.

Atakula anatsegula shopu yakeyake, kachipinda kopapatiza pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa misomali. Tsiku lina kunalowa mnyamata wamtali wogwira ntchito ku positi, buluku lili pamkono.

"Mu-mu-mu-mufupikitse," anatero mnyamatayo.

Telala anali chilili pa tebulo lodulira, kutali ndi chopondera. "Pa-pa-pa-pati?"

Wa ku positi anaponya buluku pansi n'kukunga chibakera. Telala naye anagwiritsa sizasi. Aliyense ankayesa kuti mnzake akumunyogodola. Ometa tsitsi anathamangira kudzaleretsa, n'kupeza amuna awiri akulozana zala, misempha ya m'khosi itatupa, koma palibe amene chitukwano chikumutuluka. Anayamba kuseka ndi wa ku positi. Anaseka mpaka kukhala pansi pa tizidutswa ta nsalu. Chaka chisanathe, Telala anali atakwatira mlongo wa mnyamatayo.

Gulu linayamba choncho, popanda woliganizira. Loweruka masana Telala akatseka, mlamu wake ankabwera kudzakhala kuseri kwa katani, m'kachipinda momwe munali masutikesi a zovala zimene eni ake sanadzatenge, chidole chopanda mutu choyesera madiresi, ndi ketulo yakuda pansi. Kenako mlamuyo anabwera ndi wokonza mawotchi wina, munthu woti ukamufunsa nthawi ankangokulozera khoma. Wamawotchi anabwera ndi Kondakitala, amene pakhomo la basi ankakuwa ngati wailesi, koma wapolisi akamufunsa dzina ankauma gwa. Pomaliza kunabwera Mayi wa Buledi, wogwira ntchito kophikira buledi, yemwe ankabisa nyenyeswa ndi mitu ya buledi m'chikwama n'kumauza mwamuna wake kuti akupita ku kwaya.

Ankasinthana pa makina. Amene ali ndi nkhani ankakhala pampando wa Telala, lamba atavula, n'kumapalasa uku akulankhula. Mpandowo ankautcha guwa.

"Kwerani pa guwa, a Kondakitala, mutilalikire za wapolisi wanu uja."

Lamulo linali limodzi lokha: palibe womalizira mnzake mawu. Munthu akakodwa, enanu manja pamaondo, maso pa iye. Osayang'ana pansi, osagwedeza mutu ngati mwamva kale. Kudikira basi, ngakhale tiyi azizire. Analipanga chifukwa kunja aliyense ankawamalizira, mkazi, mwana, wamumsika, dokotala, ndipo kawirikawiri ankamalizira zolakwika. Wamawotchi anakhala zaka akumwa tiyi wotsekemera ngati uchi, chifukwa akati "shu-shu-shu" pofuna kunena kuti shuga ayi, anthu ankamuthirira masipuni odzaza. Woswa lamulo ankapatsidwa lezala ndi chovala chakale kuti amasule msoko wonse anzake akumwa tiyi. Chilangochi anachipeka ndi mlamu, ndipo ndiye ankakonda kugamula. Ankadzuka n'kuloza chala: "Mwa-mwamalizira! Lezala!"

Mbiri yawo inafika kuchipatala, ndipo kunabwera sisitala wina wachikulire amene anaphunzira zothandiza anthu ovutika kulankhula. Telala sanamufune. Ankati wabwera kudzawaonerera kuti akasimbe kwa anzake. Koma mayiyo anakhala pa sutikesi, anaswa lamulo tsiku loyamba lomwelo, n'kumasula mkono wonse wa jekete osadandaula. Kuyambira pamenepo anali wawo. Anawaphunzitsa kupuma asanayambe, ndi kulowa m'liwu mofewa m'malo moligumula ngati chitseko. Anawaphunzitsanso kuti liwu likagwira usabwerere m'mbuyo kukayambanso ndi mphamvu, ungokhala momwemo, ukulimasula pang'onopang'ono mpaka litseguke.

"Chibwibwi chilibe jakisoni, abale anga," ankatero Sisitala. "Chimene tingachotse ndi mantha."

Masana a Loweruka amenewo Telala amawakumbukira kuposa nkhope za makasitomala a dzulo. Fungo la mafuta a makina ndi la nsalu yongosita kumene. Dzuwa lolowera pa kazenera ka kumbuyo, tiulusi tikuyandama m'kuwala kwake. Kulira kwa chopondera chopanda lamba, ndi mawu a munthu akuyenda pamwamba pake ngati wowoloka pa mlatho wa mtengo umodzi. Mkazi wake ankabwera ndi makapu n'kuima pa katani, manja m'chiuno.

"Nkhani ikadali yomwe ija ya masana? Ine ndachapa, ndayanika, zauma, ndanula."

"Mlongo, tu-tulukani," mlamu ankamuyankha. "Muno ndi mwa a-anthu oganiza asanalankhule."

Pansi pa tebulo lodulira pankakhala mwana wawo mmodzi yekhayo, akusankhula mabatani m'chitini cha mabisiketi. Ankamutcha Batani. Mwanayo anakulira m'lamulo lija. Chibwibwi analibe, koma bambo ake akakodwa ankasiya chimene akuchita n'kuwayang'ana mpaka amalize.

Batani atapeza mwamuna, Telala ananena kuti pa phwando adzalankhula yekha ngati bambo. A kuchimuna anali anthu a mabuku, olankhula ngati akuwerenga nyuzi, koma iye sanabwerere m'mbuyo. Diresi anasoka yekha. Suti yake anasoka yekha. Mawu nawo anafuna akhale akeake. Sanali ambiri. Ankafuna kunena kuti mwanayu chibadwire sanamufulumizitsepo bambo ake, ndiye mwamuna amene akumutenga asadzamufulumizitse nayenso.

Vuto linali lakuti m'holo mulibe chopondera. Sisitala anati chala chikhoza kugwira ntchito ya phazi, ndipo Telala anasokerera batani lalikulu la khoti m'kati mwa thumba la suti, loti azilidina liwu lililonse. Gulu lonse linagwira ntchito imeneyo kwa miyezi. Loweruka lililonse ankavala jekete n'kuimirira pafupi ndi chidole chija, enawo n'kukhala anthu a paukwati. Kondakitala ankakhala mlendo woledzera. Mayi wa Buledi ankalira ngati khanda. Wamawotchi ankagwetsa sipuni mwadala. Mlamu ndiye ankamupatsa burashi ya zovala kuti ikhale maiki.

"Mukakodwa, alamu, khalani momwemo," ankatero. "Adikire. Akudya zathu."

Nthawi imeneyo chibwibwi cha mlamu chinali chitachepa. Ku positi anamuchotsa kosankha makalata n'kumuika pa kauntala, ndipo anaphunzira kuzemba mawu ovuta mwaluso moti mlendo sakanadziwa.

Tsiku linafika. Wotsogolera mwambo anaitana bambo a mkwatibwi. Telala anaimirira, dzanja lina pa maiki, lina m'thumba. Anapuma monga anaphunzirira. Anatseka milomo kuti anene kuti "Mwana wanga," ndipo milomoyo inakana kutseguka.

Sanachite mantha. Izi ndi zimene anthu safuna kumva akamafotokoza. Anachizindikira chinthucho, chinali chomwe chija cha Loweruka lililonse. Anakhala momwemo. Ankamva mafani akuzungulira kudenga, wina akutsokomola, kamwana kakuseka kumbuyo n'kutsinidwa. Chala chinali pa batani. Kenako anamva milomo ikuyamba kufewa, monga mmene umamvera ulusi ukamamasuka pa bobini yothina. Liwu linali pakhomo.

Pamenepo dzanja linagwira phewa lake, ndipo maiki inachoka.

"Bambo a mkwatibwi chimwemwe chawatsamwitsa," anatero mawu a mlamu wake m'zimkuzamawu zonse. "Ine malume ndiwalankhulire."

Anthu anawomba m'manja ngati mvula pa malata. Liwu la Telala linatuluka nthawi yomweyo, lathunthu, losalala: "Mwana wanga." Palibe analimva. Anatsala chilili, dzanja lili m'mwamba lopanda kanthu, mpaka wina anamukoka jekete kuti akhale pansi. Mlamu analankhula nthawi yaitali. Anaseketsa anthu, anayamikira a kuchimuna, analangiza mkwatibwi kuti azimvera mwamuna wake. Wojambula vidiyo anadula mbali ya Telala, ndiye mu kanema wa ukwatiwo bambo a mkwatibwi amangooneka akudya.

Loweruka lotsatira gulu linabwera monga mwa masiku onse. Linapeza lezala ndi jekete yakale zili pa tebulo. Telala anakhala pa guwa n'kuyamba kupalasa.

"Alamu, lezala."

Mlamu anaseka, kenako anaona kuti si nthabwala. "Alamu, ukwati si kuseri kwa katani. Kunja kuli zake."

"Lezala."

"Ndinakuthandizani."

Telala anayang'ana enawo. Wamawotchi maso anali pansi. Kondakitala maso pansi. Sisitala anayamba kunena kuti nkhaniyi ikufuna kukambirana modekha. Telala anaimitsa phazi, anadzuka, anatsegula chitseko cha kumsewu n'kuima pambali pake mpaka onse anatuluka. Madzulo omwewo anabwezeretsa lamba pa makina.

Gulu silinafe. Linasamukira kuchipatala, linakula, mlamu n'kukhala wapampando. Telala ankangomva mbiri yake kwa ometa tsitsi. Wamawotchi anamwalira, Kondakitala anamwalira, Sisitala nayenso. Mkazi wa Telala atamwalira, iye ndi mlamu wake anakhala pa benchi imodzi pamaliro, anapatsana moni, basi. Ntchito nayo inachepa. Masuti anthu anasiya kusoketsa. Zimene zinatsala ndi mazipi, mipendero ndi zigamba za mayunifolomu a sukulu.

Tsiku lina m'mawa akuika zipi pa siketi, pakhomo panaima mtsikana wovala baji ya chipatala.

"Odi, agogo. Ndinu a Telala amene munayambitsa gulu la achibwibwi?"

Iye sanaimitse phazi. "Wakutumani ndani?"

"Ndachokera kuchipatala, ndine wa kafukufuku. Tikufuna kudziwa mmene anthu amakalambira nacho chibwibwi, zimene zinawathandiza ndi zimene zinawapweteka, kuti ana amene tikuwathandiza pano asadutse momwemo. Timajambula mawu pa foni, ngati mwini wake walola."

"Mawu anga akalowa m'menemo, apita kuti?"

"Amamva ndife ochepa chabe, ndipo dzina timachotsa."

"Muchotsa dzina. Chibwibwi muchotsanso? Aliyense mumsewu uno akamva adziwa kuti ndi ine. Mukaseweretsa pa tiyi, muzikaseka ndi madokotala anu."

"Sitichita zimenezo, agogo."

"Onse amatero."

Mtsikanayo sanakwiye. Anasuntha mulu wa mayunifolomu n'kukhala pa benchi asanauzidwe. "Palinso china. Gulu likukumana Lo... kumapeto kwa sabata ino."

Phazi la Telala linaima. Anamuyang'ana kudutsa pamwamba pa magalasi. "Mwa-mwazemba liwu."

Mtsikanayo anagwira pakamwa n'kuseka. "Mwandigwira. Kuntchito palibe amene amandigwira." Anapuma, anayang'ana Telala m'maso, n'kulowa m'liwu lija. Linamugwira ndithu. Nsagwada inanjenjemera, zikope zinaphethira. Telala anaika manja pamaondo. Pomaliza linatuluka: "Loweruka."

Mtsikanayo anamuuza kuti wapampando miyendo yawathera, ndipo mwana wawo akudzawatenga kuti azikakhala naye kutali. Loweruka linali tsiku lotsanzikana. "Ndi iwowo anandilozera kuno. Anati mukana, koma ndiyesebe."

Telala anatenga siketi ija n'kuyamba kudula tiulusi timene anali atadula kale. Zaka zonsezi ankati nthawi ilipo, tsiku lina munthuyo adzalowa yekha pakhomopo. Tsopano anali kupita.

"Lamulo li-lidakalipo?"

"Lilipo. Ndi loyamba kuphunzitsa aliyense watsopano."

"Ndikalankhula palibe wo-wondidula?"

"Palibe."

"Ngakhale wapampando?"

"Makamaka iwowo."

Loweruka anatseka shopu masana n'kukwera basi. Chipinda cha gululo chinali kumapeto kwa khonde lalitali, kupitirira kojambulira mafupa. Munali matailosi oyera, mipando ya pulasitiki yoikidwa mozungulira, ndi fungo la mankhwala okolopera. Anthu analimo ambiri, achinyamata, amayi ndi ana awo, wina wovala tayi. Telala anayang'ana uku ndi uku ngati pangakhale chopondera penapake. Panalibe. Pa akale onse, kupatula mlamu, anatsala Mayi wa Buledi yekha, atafota ngati mtolo wa zovala, maso atachita ng'ala.

"Fungo la mafuta a makinali ndikulidziwa," anatero mayiyo. "A Telala, mwa-mwatuluka m'dzenje?"

Mlamu anali pampando wokhala ndi zogwirira, ndodo ili pakati pa miyendo. Utali wake wonse uja unali utapindika. "Alamu! Mukadali moyo? Ndimayesa makina aja anakusokererani kumpando."

"Ine ndimayesa a positi ana-anakutumizani kalekale."

Anthu anaseka. Anagwirana chanza, ndipo Telala anafulumira kubweza dzanja lake.

Msonkhano unayamba. Mmodzimmodzi ankaimirira kuthokoza wapampando. Wa tayi uja anati pakanapanda iwo sakanayerekeza kukafunsira ntchito. Mayi wina anati mwana wake tsopano amakweza dzanja m'kalasi. Ankakodwa, ena moopsa, ndipo chipinda chonse chinkadikira, manja pamaondo. Telala anaona zimenezo. Anthu awa sankadziwa n'komwe kuti manja pamaondo anayambira pa sutikesi, kuseri kwa katani yake.

Mtsikana wa kafukufuku anamuyang'ana n'kukweza foni pang'ono. Telala anagwedeza mutu kuti ajambule. Anaimirira.

Popanda chopondera, mawu anamuvuta kuyambira poyamba. Anafotokoza za shopu, za guwa, za lezala. Ena anaseka pa nkhani ya shuga wa Wamawotchi. Kenako anafika pa ukwati, ndipo kuseka kunatha. Anakodwa pa "holo," anakodwa pa "maiki," anakodwa nthawi yaitali pa "phewa" mpaka thukuta linatsikira m'kolala. Palibe anamuthandiza. Palibe anayang'ana pansi. Ananena zonse, mpaka za liwu limene linatuluka anthu akuwomba m'manja.

"Sindinabwere ku-kudzatsanzika," anamaliza motero. "Ndabwera kuti munthu uyu anene pamaso panu kuti a-anaswa lamulo, ndipo analakwa. Basi. Sindikufuna china."

Anakhala pansi. Fani inkazungulira. Mlamu anadikira kaye, manja ali pamutu wa ndodo.

"Mwamaliza, alamu?"

"Ndamaliza."

Ukalamba unali utamubwezera mlamu chibwibwi chake chonse, ndipo kuzemba kuja kunali kutamuthawa. Analankhula movutika, mutu ukugwedezeka.

"Maiki ndi-ndinatengadi. Sindikana. Koma sindinadzuke ndekha. Mlongo wanga ndiye anandikodola. Ndinayang'ana kumbali, ngati sindinaone. Anandikodolanso, misozi ili m'maso. Kenako ananditchula dzina. A ku-kuchimuna anali atayamba kunong'onezana. Ali moyo anandiletsa kukuuzani. Ndiye nda-ndakuuzani lero."

Telala anamva ngati mpando wapendekeka. Tsiku la ukwati mkazi wake anakhala kumbuyo kwake pang'ono, kudzanja lamanzere, kumene iye sankaona. Anayesa kukumbukira madzulo ake. Mkaziyo anamuvula jekete, anaikoloweka pa hang'ala, anati mwatopa, bambo, kagoneni. Za maiki sanazitchule tsikulo, ndipo sanadzazitchulepo mpaka kumwalira. Telala nthawi zonse ankayesa kuti kunali kumumvera chisoni.

"Mwadikira a-afe kaye kuti muwasenzetse mlandu."

"Ndanena zimene zinachitika."

"Mayi wa Buledi, inu munaona?"

"Ine ndinali kumbuyo, a Telala, ndi-ndikugawa mbale. Ndinangomva m'manja."

Telala anatembenukiranso kwa mlamu wake. Liwu linamugwira, ndipo chipinda chinadikira, mlamunso anadikira, maso ali pa iye monga kale.

"Ngakhale akanakodola. Iwo sankadziwa kuti liwu likagwira li-limatseguka. Inu munkadziwa. Iwo sanapange nawo lamulo. Inu munapanga. Munandiuza ndi pakamwa panu kuti adikire."

"Ndinatero."

"Ndiye nenani kuti munalakwa."

Mlamu anayang'ana ndodo yake. "Alamu, anali mlongo wanga, ndipo amalira. Likanabwereranso tsikulo, ndi-ndikanatenganso."

Wa tayi anayang'ana mtsikana wa kafukufuku, mtsikanayo anayang'ana foni yake. Panja pa chitseko panamveka mawilo a tebulo la tiyi, ndipo wogwira ntchito m'chipatala anasuzumira kufunsa ngati alowetse. Kumbuyo kwake kunali mwana wa mlamu, makiyi a galimoto ali m'manja, akuti bambo asachedwe chifukwa katundu sanathe kumanga.

Anthu anadzuka, mipando inakwekwerezeka. Anamuzungulira wapampando, ena akumujambula, ena akumukumbatira. Mtsikana wa kafukufuku anabwera kwa Telala ndi kapu ya tiyi.

"Agogo, zimene ndajambulazi, mukafuna ndifufuta."

"Zisiyeni. Zonse. Osadula mbali yanga."

Tiyi sanamwe. Anatuluka yekha, anadutsa khonde lija, n'kukaima pa siteji ya basi kunja kwa geti. Basi isanabwere, galimoto la mwana wa mlamu linatuluka pang'onopang'ono n'kuima pafupi naye. Galasi linatsika.

"Alamu, kwerani tikusiyeni ku shopu."

"Ndili ndi miyendo."

"Mukamupatse moni Batani."

Galasi linakwera, galimoto linalowa mumsewu. Mlamu wa Telala anasamuka m'mawa wa Lolemba. Sanapepese.